Safunsa Anadya Phula: Kufufuza Kampani M'kaundula wa Boma Tisanachite Nayo Malonda

Mawu Oyamba

Kumunsi kwa mapiri a Dedza, m'chigwa chomwe chayambira ku Golomoti kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka, anthu amadalira ulimi wa mpunga, thonje ndi chimanga, usodzi ndiponso malonda a m'mbali mwa msewu wa M5. Nyengo yokolola ikafika m'derali mumadzaza ogula mbewu. Ena ndi mavenda a sikelo m'manja omwe amalipira pompopompo. Ena amabwera pagalimoto zolembedwa mayina m'zitseko, atanyamula makalata a zidindo, n'kunena kuti atumidwa ndi kampani. Ogula a mtundu wachiwiriwu kawirikawiri amatchula mtengo wokoma, koma amapempha kuti atenge katundu lero ndipo ndalama zidzabwere pakatha sabata ziwiri kapena mwezi. Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa mlimi kapena gulu la alimi likavomera, ndiye kuti lakongoza kampaniyo thukuta la chaka chathunthu.

Chimangirizo chino chikufotokoza njira imodzi yodziwira kampani tisanaipatse katundu, ndalama kapena malo. Njirayi ndi yowerenga zomwe kampaniyo inalembetsa m'kaundula wa boma. Tiona kuti kampani n'chiyani pamaso pa lamulo, chifukwa chomwe boma limasungira kaundulayu, zomwe zimapezekamo, kawerengedwe kake ndiponso malire ake. Mfundo yaikulu ndi yakuti lamulo limateteza eni kampani, ndipo posinthana ndi chitetezocho limawakakamiza kudziulula kwa anthu. Amene safuna kuwerenga zomwe zaululidwazo amasiyira kampani chitetezo chake chonse, iye n'kutsala chimanjamanja.

Kufufuza Si Mwambo Wachilendo

Anthu ena amaona ngati kufunsa mlendo wamalonda mapepala ake n'kumunyoza. Komatu makolo athu sankagwirizana ndi munthu asanamudziwe. Mnyamata akafunsira mbeta, akuchikazi samangoyang'ana nsapato zomwe wavala. Amafunsa kuti kwawo n'kuti, mfumu yake ndani, malume ake ndani, ndipo mwina anasiya banja kwina. Mayankho ake sawatenga kwa mnyamatayo yekha ayi. Amatuma munthu kukamva kwa ena omwe akumudziwa. Ukwati umamangidwa pamene ankhoswe a mbali zonse ziwiri aonana, n'cholinga choti zinthu zikadzavuta padzakhale khomo lokagogoda.

Chimodzimodzinso pogula ng'ombe. Wogula wanzeru sakhutira ndi kunenepa kwa ng'ombeyo. Amafuna kalata ya mfumu yotsimikiza kuti wogulitsayo ndi mwini wake, komanso chilolezo cha alangizi a ziweto choyendetsera chiwetocho. Wogulitsa wachilungamo sakwiya nazo zimenezi chifukwa zimamuteteza iyenso.

Vuto la kampani ndi lakuti ilibe mudzi, ilibe mfumu ndipo ilibe malume. Munthu amene waima pakhomo panu ndi wantchito chabe, mawa akhoza kuchotsedwa. Choncho boma linakonza malo omwe amagwira ntchito ya mfumu ndi nkhoswe kwa makampani onse. Malo amenewa ndi kaundula wa makampani.

Kampani N'chiyani Pamaso pa Lamulo?

Pakamwa pathu bizinesi iliyonse yokhala ndi chikwangwani timaitcha kampani, koma malamulo a dziko lino amasiyanitsa magulu angapo. Gulu loyamba ndi bizinesi ya munthu mmodzi kapena ya anthu ochepa ogwirizana, yomwe imalembetsedwa potsata lamulo la Business Registration Act la 2012. Pa bizinesi yotere dzina ndi chovala chabe. Bizinesiyo ikalephera kubweza ngongole, mwini wake ndiye ali ndi ngongoleyo, ndipo khoti likhoza kulamula kuti katundu wake wapakhomo agulitsidwe. Gulu lachiwiri ndi kampani yeniyeni, yolembetsedwa potsata lamulo la Companies Act la 2013, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016 m'malo mwa lamulo la 1984. Dzina la kampani yotere limathera ndi mawu oti Limited, kapena plc ngati ili yoti anthu ambiri akhoza kugulamo masheya. Gulu lachitatu ndi kopaletivi, yomwe ili ndi lamulo lakelake la 1998 ndi mlembi wakewake ku unduna woona za malonda.

Mawu oti Limited ambiri amawamva ngati ulemu, ngati akutanthauza kuti bizinesiyo ndi yaikulu. Tanthauzo lake lenileni ndi lakuti udindo wa eni kampani pa ngongole zake uli ndi malire. Lamulo limaona kampani ngati munthu payokha: imagula, imagulitsa, imakongola, imasumira ndipo imasumiridwa m'dzina lake. Ikagwa, eni ake amataya ndalama zomwe anaikamo basi. Nyumba zawo, magalimoto awo ndi minda yawo sizikhudzidwa, pokhapokha khoti litapeza kuti panali chinyengo kapena iwo atalonjeza okha polemba kuti adzabweza.

Mfundo imeneyi inakhazikika ku England pa mlandu wa Aron Salomon, mkulu wina wosoka nsapato mumzinda wa London. Iye anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani, n'kutenga pafupifupi masheya onse, ndipo mkazi wake ndi ana ake asanu anatenga sheya imodziimodzi. Kampaniyo itagwa, anthu omwe inawakongola anafuna kuti Salomon alipire kuchokera m'thumba mwake ponena kuti kampaniyo ndi iye yemwe. Kumapeto kwa chaka cha 1896 khoti lalikulu la House of Lords linagamula kuti kampani yolembetsedwa bwino ndi yosiyana ndi mwini wake. Okongozawo anabwerera opanda kanthu. Popeza malamulo athu a zamalonda anachokera ku malamulo a ku England, mfundoyi imagwiranso ntchito kuno. Mlimi wa ku Mtakataka akapereka mpunga kwa kampani ya Limited, ngongole yake ili ndi kampaniyo, osati ndi bwana wonenepa amene anamugwira chanza.

Chifukwa Chake Boma Limasunga Kaundula

Chitetezo chachikulu chotere sichikanaperekedwa chaulere. Ku Britain lamulo la 1844 linakhazikitsa ofesi yolembetsa makampani, ndipo la 1855 linalola kuti udindo wa eni masheya ukhale ndi malire. Malamulo awiriwa amayendera limodzi ngati mtondo ndi munsi. Boma likuuza eni kampani kuti chuma chawo chapakhomo chatetezedwa, koma alembe poyera kuti iwo ndani, ali kuti ndipo katundu wa kampani anamuika chikole kwa yani, kuti aliyense wofuna kuchita nawo malonda adziwiretu.

Kuno kwathu kaundulayu amasungidwa ndi ofesi yomwe kwa zaka zambiri yakhala ikudziwika ndi dzina loti Registrar General. Ofesiyi inatsegula makomo ake ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo pambuyo pake inayamba kulandira zolembetsa pa intaneti kudzera mu Malawi Business Registration System. Zolembedwa za kampani sizili ngati chinsinsi cha kuchipatala. Munthu aliyense ali ndi ufulu wopempha kuti aone zomwe kampani inalembetsa, atalipira ndalama yofufuzira yomwe ofesiyo inakhazikitsa. Safunika kukhala loya, ndipo safunika chilolezo cha kampani yomwe akuifufuzayo. Mabanki amachita zimenezi tsiku ndi tsiku asanakongoze kampani. Gulu la alimi lomwe likupereka mbewu pangongole likugwira ntchito ya banki, choncho liyenera kusamala monga momwe banki imasamalira.

Zomwe Zimapezeka M'kaundula ndi Kawerengedwe Kake

Chinthu choyamba ndi dzina lenileni la kampani ndi nambala yake. Dzina liyenera kufanana chilembo ndi chilembo pa satifiketi, pa kalata ya mgwirizano, pa lisiti ndi pa akaunti ya kubanki. Mayina awiri akhoza kusiyana ndi liwu limodzi lokha koma ali a makampani awiri osadziwana. Izi zimaoneka bwino pa ntchito zikuluzikulu. Mwachitsanzo, mu 2022 ku Golomoti kunayamba kugwira ntchito malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, omwe anakhazikitsidwa ndi kampani ya JCM Power ya ku Canada mogwirizana ndi InfraCo Africa. Pa chitukuko cha msinkhu wotere, kulikonse padziko lapansi, eni ndalama, omanga, onyamula katundu ndi alonda amakhala makampani osiyanasiyana, ngakhale anthu a m'mudzi amangowatcha onse ndi dzina limodzi. Amene akugulitsa mchenga, njerwa kapena chakudya pamalo otere ayenera kudziwa kuti ndi kampani iti mwa onsewo yomwe yamulemba, chifukwa ndi yokhayo yomwe angaisumire.

Chachiwiri ndi tsiku lomwe kampani inalembetsedwa. Kukhala yatsopano si mlandu, pakuti kampani iliyonse inayamba tsiku lina. Koma ngati nthumwi ikunena kuti akhala akugula mpunga kwa zaka khumi pomwe kaundula akuonetsa miyezi inayi, ndiye kuti mwagwira bodza loyamba, ndipo bodza siliyenda lokha.

Chachitatu ndi malo a ofesi omwe kampani inalembetsa. Kumeneko n'komwe masamoni a khoti amakaperekedwa. Ngati ofesi ili ku Lilongwe kapena ku Limbe, n'chanzeru kutuma wachibale wokhala m'tauni kuti akaone ngati pamalopo palidi ofesi, nkhokwe kapena chigayo cha mpunga, kapena pali nyumba yogona yomwe anthu ake sanamvepo za kampaniyo.

Chachinayi ndi mayina a madayirekitala ndi eni masheya. Madayirekitala ndiwo amayendetsa kampani ndipo ndiwo ali ndi mphamvu zoimangirira pa mgwirizano. Ngati amene akusayina kalata yanu sali pamndandanda umenewu, mufunseni kalata yomupatsa mphamvu, kenaka mutsimikize ku ofesi ya kampaniyo. Mayinawa amathandizanso kulondola mapazi. Pali anthu omwe kampani yawo ikadzadza ngongole amaisiya n'kulembetsa ina ya dzina latsopano. Dzina la kampani limasintha koma mayina a anthu amakhala omwewo. Kuwonjezera apo, mu 2022 boma linakhazikitsa malamulo okakamiza makampani kuulula anthu enieni omwe amapindula nawo, chifukwa ena amalembetsa kampani m'dzina la wantchito kapena wachibale pomwe mwini wake weniweni wabisala kuseri.

Chachisanu ndi mtundu wa malonda omwe kampani inanena kuti imachita. Lamulo sililetsa kampani kuyamba malonda atsopano, koma kampani yomwe mbiri yake yonse ndi yosoka mayunifomu ikafuna matani a thonje, payenera kukhala mafunso: idzaligulitsa kuti, ndipo ndalama zolipirira alimi izitenga kuti?

Chachisanu ndi chimodzi ndi malipoti a chaka ndi chaka. Kampani iliyonse imayenera kupereka lipoti lotsimikiza kuti ikadalipo ndiponso lonena zomwe zasintha pa utsogoleri ndi umwini wake. Kampani yomwe yakhala zaka zingapo osapereka lipoti ili ngati munda wosalimidwa: mwina mwini wake anasamuka. Mlembi wa makampani ali ndi mphamvu zofufuta kampani yotere m'kaundula. Satifiketi yakale ikhoza kukhala ikuwala m'felemu pomwe kampaniyo inafufutidwa kale, kapena ili m'manja mwa munthu wosankhidwa kuti agulitse katundu wake n'kuitseka. N'chifukwa chake kuona satifiketi yomwe mlendo wanyamula sikokwanira. Satifiketi imanena za tsiku lobadwa, kaundula ndiye amanena ngati mwanayo akadali moyo.

Chomaliza ndi chikole. Kampani ikakongola kubanki n'kuika katundu wake chikole, zimenezi zimalembetsedwa. Palinso kaundula wina wa katundu wonyamulika monga magalimoto, makina ndi mbewu za m'nkhokwe, yemwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la Personal Property Security Act la 2013. Kufunika kwa mfundoyi n'kwakuti kampani ikagwa, amene ali ndi chikole ndiye amayamba kulipidwa kuchokera pa katundu wachikoleyo. Mlimi amene anapereka mpunga pongokhulupirira amakhala kumapeto kwa mzere, ndipo nthawi zambiri amapeza mphika utapalidwa kale. Malole asanu omwe anakusangalatsani pa tsiku la msika akhoza kukhala onse a banki.

Phunziro la Feteleza wa mu 2022

Wina akhoza kuganiza kuti kupusitsidwa ndi kampani ndi tsoka la anthu osaphunzira. Nkhani yomwe inagwedeza dziko lino mu 2022 ikutsutsa maganizo amenewa. M'chaka chimenecho, pokonzekera ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, ndalama zokwana K750 miliyoni zinaperekedwa kudzera ku bungwe la boma la Smallholder Farmers Fertilizer Revolving Fund of Malawi kuti kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods Limited ibweretse feteleza. Fetelezayo sanabwere. Zitaululika, Amalawi anadzidzimuka kumva kuti ntchito yodziwika ya kampaniyo inali ya nyama, ndipo nkhaniyi inangotchuka kuti ndi ya feteleza wa kubutchala. Mu Okutobala chaka chomwecho, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, a Lazarus Chakwera, anachotsa paudindo nduna ya zaulimi a Lobin Lowe pamodzi ndi wachiwiri wawo, ndipo boma linayamba ntchito yolondola ndalamazo kunja kwa dziko.

Chopweteka pa nkhaniyi n'chakuti dziko la Britain lili ndi kaundula wosavuta kufufuza. Ofesi ya kumeneko yotchedwa Companies House inaika zolembedwa za makampani pa intaneti kwaulere kuyambira mu 2015. Munthu amene ali ndi foni ya intaneti pa Golomoti akhoza kulemba dzina la kampani ya ku Britain n'kuona tsiku lomwe inalembetsedwa, malo a ofesi yake, madayirekitala ake, mtundu wa malonda ake ndi malipoti a chuma omwe inapereka. Mafunso awiri okha, loti kampaniyi imachita chiyani ndi loti ili ndi chuma chochuluka bwanji, anali okwanira kuimitsa dzanja lomwe limafuna kusayina. Amene anavutika ndi kusafunsaku sanali akuluakulu a m'maofesi okha. Anali alimi a m'midzi, kuphatikizapo a m'chigwa cha Dedza, omwe ndondomeko ya AIP inakonzedwera.

Zomwe Kaundula Sanena

Ngakhale zili choncho, kungakhale kulakwa kuganiza kuti kampani ikapezeka m'kaundula ndiye kuti ndi yachilungamo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mlembi wa makampani amalandira ndi kusunga zomwe eni kampani amuuza. Sapita kukawerenga matumba m'nkhokwe zawo, ndipo satsimikizira munthu aliyense kuti kampaniyo idzalipira.

Nkhani ya Cashgate ya mu 2013 ndi umboni wa zimenezi. Kafukufuku wa akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza kuti pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho boma linataya ndalama zoposa K13 biliyoni, ndipo gawo lina linalipidwa kwa mabizinesi omwe sanapereke katundu kapena kugwira ntchito iliyonse. Mabizinesi amenewa anali ndi mayina ndi maakaunti a kubanki momwe macheke a boma ankalowa. Mmodzi mwa eni ake, a Oswald Lutepo, analamulidwa mu 2015 kukhala kundende zaka 11. Apa tikuona kuti mapepala akhoza kukhala olongosoka pomwe ntchito yake ndi yakuba.

Palinso akathyali omwe amabwereka dzina la kampani yeniyeni. Mukafufuza mupeza kuti kampaniyo ilipodi ndipo mbiri yake ndi yabwino, koma munthu amene akukuimbirani foni alibe nayo ubale uliwonse. Mankhwala ake ndi kupeza nambala ya kampaniyo mwa njira yanuyanu, osati yomwe iye wakupatsani, n'kufunsa ngati akumudziwa. Chizindikiro china ndi pamene munthu akunena kuti akuimira kampani koma akufuna kuti ndalama zitumizidwe ku nambala ya foni ya munthu payekha.

Pa chifukwa chimenechi kaundula wa makampani ndi khomo loyamba chabe. Pali makomo ena oyenera kugogoda molingana ndi mtundu wa malonda. Bungwe lotolera misonkho la MRA limapereka nambala ya wokhoma msonkho ndi chiphaso chosonyeza kuti bizinesi ilibe ngongole ya msonkho. Wogula mbewu kwa alimi amayenera kukhala ndi chilolezo chochokera ku unduna wa zaulimi, ndipo wogula thonje amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Cotton Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la thonje la 2013. Kampani yomwe ikufuna kusunga ndalama za anthu, kukongoza kapena kugulitsa inshulansi imayenera kukhala ndi layisensi yochokera ku banki yaikulu ya Reserve. Satifiketi ya kampani payokha siipatsa mphamvu zotolera ndalama za anthu polonjeza phindu. Makampani omwe ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange amasindikiza malipoti a chuma chawo m'nyuzipepala, choncho za iwo n'zosavuta kudziwa. Khomo lomaliza, lomwe ndi lakale kuposa onse, ndi kufunsa alimi a kwina omwe anagulitsapo mbewu kwa kampaniyo ngati analipidwa pa nthawi yake.

Kugwiritsa Ntchito Zomwe Tapeza

Tiyerekeze kuti gulu la alimi a mpunga pa sikimu ya Bwanje, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kutha mu 2000, ndipo imathirira mahekitala 800 ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe, lalandira kampani yofuna matumba 300 pangongole ya mwezi umodzi. Mlembi wa gulu wafufuza ndipo wapeza kuti kampaniyo ilipodi, koma yangotha miyezi isanu chilembetsere, ili ndi dayirekitala mmodzi, ndipo lole yake ndi yachikole. Kodi gululi likane?

Sikuti nthawi zonse yankho ndi kukana. Zomwe zapezeka zimathandiza kudziwa kukula kwa chiopsezo ndi kusintha mfundo za mgwirizano. Gululi likhoza kunena kuti ndalama zilowe mu akaunti yake lole isananyamuke. Likhoza kupereka matumba 50 kaye, n'kudikira malipiro lisanapereke ena. Likhozanso kupempha dayirekitalayo kuti asayine payekha kuti kampani ikalephera iye adzalipira, ndipo akatero khoma lija la Limited limagumuka pa ngongole imeneyi. Mgwirizano ulembedwe, utchule dzina lonse la kampani ndi nambala yake, kulemera kwa katundu, mtengo ndi tsiku lolipira, ndipo pakhale mboni monga mlangizi wa zaulimi. Wogula amene ali ndi cholinga chabwino amakambirana mfundo zoterezi. Amene amapsa mtima n'kunena kuti mukuchedwetsa lole wakuyankhani kale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mtengo wotsikirapo wolandira lero umaposa mtengo wokwera wolembedwa papepala la kampani yosadziwika.

Njira yomweyi imathandiza asodzi ogulitsa usipa wouma kwa opanga chakudya cha ziweto, amisiri osema ziboliboli a ku Mua omwe amatumiza katundu kwa ogula akutali, mafumu omwe afikiridwa ndi kampani yofuna malo, ngakhalenso achinyamata omwe alonjezedwa ntchito kunja atalipira kaye ndalama.

Zovuta Zomwe Zilipo

Sitingabise kuti kwa munthu wa m'chigwa muno kufufuza kotere kuli ndi zipsinjo zake. Choyamba ndi mtunda. Wochokera ku Mtakataka wofuna kukafika ku ofesi ya ku Lilongwe ayenera kuzungulira ku Salima kapena kukwera phiri pa msewu wa Khwekhwelere, ndipo ulendowu umadya ndalama ndi tsiku lathunthu. Chachiwiri ndi chiyankhulo, pakuti mafomu ndi zolembedwa za makampani zili m'Chingerezi cha zamalamulo. Chachitatu ndi njala ya ndalama. Mlimi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi alibe mtima wodikira sabata kuti afufuze.

Zipsinjozi zimapepuka anthu akakhala pagulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mlimi mmodzi sangapite ku Lilongwe chifukwa cha matumba asanu, koma kopaletivi ikhoza kupatula ndalama pang'ono chaka chilichonse zofufuzira ogula, n'kusankha munthu mmodzi wodziwa kuwerenga ndi kugwiritsa ntchito foni ya intaneti kuti aziona za ntchitoyi. Gulu likhozanso kusunga buku lakelake lolembamo ogula onse, mayina a madayirekitala awo ndi momwe analipirira, kuti komiti ikasintha nzeru zisapite ndi anthu. Ophunzira a m'sukulu zaukachenjede ochokera m'derali ali ndi gawo lawo powerengera makolo awo makalata amenewa pa nthawi ya tchuthi. Nawo akatswiri a chiyankhulo ali ndi ntchito yomasulira mafomu ndi mawu a zamakampani m'Chichewa chomveka, kuti liwu ngati Limited lisamamveke ngati ulemu pomwe lili chenjezo.

Mawu Omaliza

Chimangirizochi chaonetsa kuti kampani ndi munthu wopangidwa ndi lamulo, yemwe eni ake sasenza ngongole zake, ndipo kuti posinthana ndi mwayi umenewu kampani imakakamizidwa kulembetsa dzina lake, malo ake, atsogoleri ake, eni ake ndi chikole chake pamalo pomwe aliyense angaone. Nkhani ya feteleza ya mu 2022 yatiphunzitsa mtengo wa kusawerenga kaundula, ndipo ya Cashgate yatiphunzitsa kuti kaundula yekha sakwanira. Wochita malonda wanzeru amayamba ndi kaundula, amapitiriza ndi maofesi opereka zilolezo, amafunsa anzake, kenaka amamanga mgwirizano molingana ndi zomwe wapeza. Ndalama yofufuzira ndi yochepa poyerekeza ndi lole ya mpunga, ndipo nthawi yofunsa ndi pamene matumba akadali m'nkhokwe.